Kugawana Thirakitala ya Malemu

Amuna anga anamwalira nthawi yokolola. Titameta, abale awo a ku Nathenje anati adzabweranso mvula isanagwe kudzandisudzula ndi kudzaona za katundu. Ife tinkakhala kwathu kufupi ndi Mitundu, malemuwo anali mkamwini. Katundu analipo wanji? Njinga, wailesi, majekete. Aliyense ankadziwa kuti chimene akudzera ndi thirakitala.

Thirakitalayo ndi yakale, mwina kuposa ine. Inali ya atsibweni awo a malemu, amene anaigula pa esiteti ya fodya itatopa kale. Atsibweniwo atamwalira inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikira mazira pampando, mpaka amuna anga anaipempha n'kuikoka ndi ng'ombe kudza nayo kuno. Nthawi imeneyo palibe anakaniza. Ankangoseka kuti atola chitsulo choti ana azikwerapo.

Tinaidzutsa pang'onopang'ono. Chaka chino batire, chaka chinacho matayala. Ladiyeta anakaichotsa pa lole yakufa. Denga anakhoma ndi malata otsala pa khitchini yathu. Poti ndine wamfupi, anawotcherera tizitsulo pa kilatchi ndi pa buleki kuti phazi langa lizifika, chifukwa miyendo yawo itayamba kutupa wolima ndinali ine. Ndinkalima munda wathu ndi minda ya anthu, ndipo ana ankadyera pamenepo.

Tsikulo abale aja anafika m'mawa. Wolankhula kwambiri anali alamu anga aamuna, mng'ono wawo wa malemu. Alamu aakazi, mlongo wawo wamkulu, anangokhala pamphasa atatambasula miyendo. Kumbali yanga kunali mlongo wanga, amene ndiye nkhoswe yanga.

"Chitsulochi ndi cha atsibweni athu," anatero alamu aamuna. "Achimwene anangobwereka. Cha mtundu chibwerere kumtundu."

"Anabwereka mtembo," anayankha mlongo wanga. "Lero wadzuka ndiye mwaukumbukira?"

Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Pomaliza ankhoswe a mbali zonse anagwirizana chimodzi: chimene chinachokera kufakitale ndi cha atsibweni, chipite ku Nathenje, chimene anaikapo malemu ndi cha ine ndi ana. Anthu anawomba m'manja kuti mlandu wagamulidwa mwanzeru. Anatuma munthu kukaitana makaniko wa pamsika wa Mitundu kuti adzasiyanitse.

Makanikoyo anali mdala wa imvi, anabwera ndi masipanala m'thumba la feteleza. Atamva nkhaniyo anavula chipewa n'kudzikanda.

"Ndagawapo mbuzi pamaliro, koma thirakitala ndi lero. Chabwino, mutu ndi wa yani, chiwindi ndi cha yani?"

Palibe anaseka. Anatulutsa kampeni n'kuyamba kupala penti. Anati za kufakitale zili ndi penti wotuwa pansi pake, zongoikapo zilibe. Anayala masaka mbali ziwiri, kwanga ndi kwawo.

Denga linatsika koyamba. "Malata anuwo tengani, alamu," anatero alamu aamuna akumwetulira. Nyali zakutsogolo zinabwera kwanga. Chokokera ngolo kwanga. Tizitsulo ta mapazi anga anatidula ndi sowo, ndipo ndinayang'ana kumbali. Atafika pa batire, alamu aamuna anadzuka.

"Iyo ndi ya thirakitala. Thirakitala yopanda batire munaionapo?"

"Ya kufakitale inatha inu musanamere mano, achimwene," anatero makaniko, n'kuinyamula kudzaiika pamapazi panga.

Kenaka anapala pulawo, ndi zitsulo zakumbuyo zimene zimaikweza ndi kuitsitsa. Penti wotuwa. Anazigubuduzira kwawo. Apo ndiye mtima unandiwawa, chifukwa popanda pulawo, mulu wanga wonsewo unali zitsulo zogulitsa pasikelo. Mlongo wanga anangoweramitsa mutu.

Atamasula ladiyeta, madzi a dzimbiri anakhuthukira pansi n'kuyenderera mpaka pamphasa ya alamu aakazi. Iwo anangopinda miyendo. Thirakitala inatsala yogweka kumaso ngati nkhalamba yopanda mano. Kumadzulo, cha ku Dzalanyama, mitambo inali itayamba kuda.

Alamu aamuna anaona kuti zikapitirira sakhala ndi choyendetsa. "Basi, zakwana," anatero. "Ladiyeta ndi batire mubwezere. Zotsalazo zisiyeni momwemo. Alamu tiwapatsa mbuzi ya mkota, tisiyane bwino."

Mlongo wanga anandinong'oneza. "Landirani, achemwali. Mbuzi imaswa. Anthu awa simungalimbane nawo."

Sindine munthu wolankhula pagulu. Koma ndinagwada pomwepo n'kunena kuti, "Mwagamula nokha, ine sindinatsutse. M'kati mwa injinimo muli mapisitoni amene tinagula chaka chimene ndinagulitsa mtedza wanga wonse. Nawonso atuluke."

Makaniko anabwera pafupi n'kutsitsa mawu. "Mayi, mvetsetsani. Ndikatsegula injini pafumbi pano, mphepo ikuwomba chonchi, gasiketi yomatira injiniyi ing'ambika. Ya mtundu uwu ngakhale m'tauni simungaipeze. Ifa yanu, ifa yawo."

"Ndamva. Tsegulani."

"Mufuna kupha m'bale wathu kawiri?" anakuwa alamu aamuna.

"Amene mwaitanitsa sipanala ndinu, alamu."

Ndinkadziwa kuti akapanda kubwerera m'mbuyo, ndaphetsa ndekha chinthu chimene chinkadyetsa ana anga. Makaniko anayang'ana ankhoswe, ankhoswe anayang'ana pansi. Mdalayo anakoleka sipanala, n'kuikapo paipi kuti ikhale yaitali, n'kutsamira ndi thupi lonse. Bawuti loyamba linalira kuti twa! Anapita pa lachiwiri. Twa! Alamu aamuna anapinda manja.

Makaniko asanakoke lotsatira, alamu aakazi anadzuka. Ndi munthu wamkulu thupi, amadzuka mochedwa, ndipo tonse tinawadikira. Anayenda mpaka pa injini n'kuika dzanja pamwamba pa sipanala.

"Bambo, mangani mabawuti anuwo." Kenaka anatembenukira mlongo wawo. "Iwe, ukaitenga uyendetsa ndiwe? Ngolo ya ng'ombe yomwe unaigwetsera m'dambo."

"Koma achemwali, mtundu..."

"Mtundu ndine. Khala pansi."

Anakhala. Ine ndinayesa ndapambana, koma alamu aakazi anali asanamalize. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu alamu, musasangalale. Chitsulochi si chanu, mukungosunga. Chikhala pano chifukwa wochidziwa ndinu. Koma chaka chilichonse muziyamba mwalima minda yathu ku Nathenje, yonse, musanakhudze wanu kapena wa munthu wina. Mukadzaphonya chaka chimodzi, tidzabwera ndi ng'ombe kudzachikoka."

Mlongo wanga anafuna kuyankha, ine ndinamugwira mkono. Ndinawomba m'manja n'kuvomera.

Kumasula kunatenga masana amodzi, kubwezera kunatenga masiku. Mabawuti ena anali ataduka, ladiyeta inayamba kudontha, ndipo tizitsulo ta mapazi tinachita kukawotchereranso kumsika, china n'kukhala chopendama. Thirakitala italira, ndinanyamuka ulendo wa ku Nathenje nditamanga chigubu cha madzi kumbuyo, n'kumaima m'njira kuthira mu ladiyeta.

Mvula yoyamba inandipeza m'munda mwa alamu aamuna, iwo ataima pansi pa mtengo akundilozera pamene ndasiya. Ndinamaliza minda yonse. Pobwerera msewu unali matope okhaokha, anthu ali balala m'minda kubzala. Nditafika pamunda wanga, mapesi a chaka chatha anali chiimire. Sindinapite kunyumba. Ndinakhotera momwemo n'kutsitsa pulawo.