Vuto Lopanda Batani

Kuntchito amamutcha Mayi Mabatani, ndipo dzinali sanalitole panjira. Mkaziyu ankakhulupirira kuti palibe vuto pansi pano limene silingakwane m'kabatani kamodzi ka pafoni. Ukamudandaulira kuti mutu ukuwawa, iye wayamba kale kujambula kabokosi papepala, n'kumakufunsa ngati kakhale kofiira kapena kobiriwira. Ofesi yawo ndi kachipinda kapamwamba pa sitolo ya zitsulo, mawaya ali yangayanga pansi pa matebulo, fani n'kumazungulira ikafuna yokha. M'kachipinda kameneka ndi mmene zala zakezo zimapangira mapulogalamu a pafoni, ndipo zikayamba kuthamanga anzake amasiya zawo n'kumangoonerera.

Tsiku lina anamupatsa ntchito yopanga pulogalamu yothandiza eni agalu kupeza aphunzitsi a agalu. Ofesi yonse inafa nalo phwete, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mayiyu akaona ngakhale kamwana ka galu amaiwala kuti ndi munthu wamkulu. Komabe ntchito saiseweretsa. Anayendera aphunzitsiwo mmodzimmodzi, n'kumawafunsa mafunso ataima kuseri kwa mpanda, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Pobwerako anakonza mabatani ake bwinobwino: amaluma, amauwa, amathawa, amaonongera m'nyumba. Ukadina limodzi, foni imakuonetsa mphunzitsi wapafupi, chithunzi chake ndi nambala yomwe.

Woyamba kuyesa pulogalamuyo anafuna akhale bambo ake, telala wopuma, chifukwa kwawoko kunali vuto lenileni. Mayi ake anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo chichokereni kumanda bambowo anali asanatulukepo pageti. Kapitao, galu amene malemuwo analera, ndiye anasokonezeka. Dzuwa likangopendeka, nthawi imene mayi ankabwera kuchokera kuntchito, galuyo ankathamangira pageti, n'kumalipalasa ndi zikhadabo, akulira mokweza mpaka mdima. Oyandikana nawo anatopa nazo, mwini nyumba n'kulamula kuti mwezi ukamatha galuyo asapezekenso pamenepo. Bambowo anali atagwirizana kale ndi munthu wina wa kufamu kuti adzamutenge.

Mayi Mabatani anawapeza atakhala pafupi ndi makina awo osokera, ophimbidwa ndi nsalu. Anawapatsa foni.

"Bambo, dinani vuto la Kapitao pamenepa. Mphunzitsi apezeka."

Madalawo anavala magalasi, n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chili m'malere.

"Saluma uyu. Kuthawanso sathawa."

"Dinani pa 'amauwa', basi."

"Iwe, Kapitao sauwa ayi. Amalira. Akudikira amayi ako." Anamubwezera foniyo. "Zimenezi sunaikemo, mwana wanga."

Mawuwo anamulasa mtima. Iye ankamuopa Kapitao ngati moto, koma ankadziwa kuti galuyo akachoka, m'nyumbamo mutsala munthu mmodzi ndi makina ophimbidwa aja.

M'mawa mwake anachita zimene anzake amasimbabe mpaka lero. Anakhala pakompyuta n'kuyamba kufufuta mabatani ake aja, amene anawavutikira milungu yathunthu.

"Abale, bwerani mudzaone!" anakuwa mnzake wa tebulo loyandikana nalo. "Mayi Mabatani akuchotsa mabatani. Lero kugwa mvula!"

"Ndisiyeni," anayankha osatembenuka. "Ndimafunsa anthu mafunso amene mayankho ake ndawasankhira kale."

Anasiyamo limodzi lokha, lalikulu. Ukalidina, foni imajambula galu wako iwe ukufotokoza ndi pakamwa pako, ndipo aphunzitsi amaonera n'kukuyankha ndi mawu awo.

Madzulo anabwerera kwa bambo ake. Kapitao atayamba kulira pageti, iye anaima chapatali n'kumujambula, ndipo anapempha bambowo kuti afotokoze. Anayamba ndi za galu, koma posakhalitsa zinasanduka za mayi: mmene ankagwedezera makiyi akafika pakona, mmene ankayambira kupatsa moni Kapitao asanapatse mwamuna wawo. Chimwalirireni mayi, bambowo anali asanawatchulepo ngakhale kamodzi. Mwana wawo anangogwira foniyo, misozi ikutsika, osayerekeza kuwadula.

Aphunzitsi angapo anayankha. Mmodzi, mayi wa mawu otsika, anati: "Pepani ndi zovutazo, bambo. Galuyu musamumange, musamukalipire. Nthawiyo ikakwana, mutsegulireni geti muyende naye njira imene amayi ankabwerera. Mawa ndibwera tiyambire limodzi."

"Miyendo yangayi yatha," anadandaula madalawo.

"Miyendo yopalasa makina zaka zonsezi?" anatero mwana wawo. "Musandinamize, bambo."

Mphunzitsi uja anabweradi, n'kuwaonetsa kagwiridwe ka chingwe. Geti litatseguka, Kapitao anasiya kulira nthawi yomweyo. Anawakoka bambowo kudutsa pogulitsira makala, kukhota pakona, mpaka pa siteji ya mabasi, pomwe galuyo anakhala pansi. Basi inaima, anthu anatsika, iye akuwanunkhiza mmodzimmodzi. Womaliza atadutsa, galuyo anayang'ana mbuye wake, anadzuka yekha, n'kuyamba ulendo wobwerera kunyumba ali phee. Mayi Mabatani, amene ankatsatira m'mbuyo, anagwira pakamwa. Anachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi, poona kuti chinyama chimene ankachithawa chinkasunga mayi ake mumtima kuposa mmene iye ankaganizira.

Sizinathere tsiku limodzi. Masiku ena Kapitao ankaliranso, mphunzitsi n'kubweranso. Koma mwezi usanathe mwini nyumba anabweza mawu ake, ndipo munthu wa kufamu uja anauzidwa kuti asavutike. Pulogalamuyo ikugwira ntchito mpaka pano ndi batani lake limodzi lija, ndipo dzina la Mayi Mabatani silinachoke, poti anthu akakupatsa dzina salandanso.

Lamlungu lapitali anapita kukawaona madzulo. Anapeza bambo ake ataima kale pageti, malaya ositasita, chingwe chili m'manja, pamene Kapitao anali gone pansi pa makina osokera, amene tsopano nsalu ija inali itachotsedwapo.

"Nanga mwatuluka nokha bwanji, bambo?"

"Ndikumudikira adzuke," anatero akuyang'ana kumsewu. "Masiku ano amene amayamba kufika pano ndine."