Inki ya Mwaye

Inu amene munalakwitsapo chinthu pagulu, anthu onse akuona, mpaka kumalakalaka nthaka itang'ambika kuti mulowemo, khalani pansi mumve za Miran.

Unali m'mawa wa tsiku lachitatu la maliro a bambo Yeom, msodzi wa m'tauni yathu ya padoko, kum'mwera kwa Korea kuno. Bokosi litatuluka, mkamwini wawo anaima kutsogolo atanyamula chithunzi cha malemuwo pachifuwa, monga timachitira. Masiku awiri m'chipinda cha maliro anthu ankangonong'onezana, koma padzuwa panalibenso chobisa. Nkhope ya bambo Yeom inali yobiriwira ngati ndere. Maso anali atasuluka, makwinya atafafanizika, munthu osazindikirika.

Chithunzicho anajambula ndi kusindikiza ndi Miran, ndipo aliyense ankadziwa.

Mkazi wa malemuwo, amake Changsu, sanakuwe. Anangoyenda ndi ndodo yawo mpaka pamene Miran anaima.

"Iwe, mwana wa a Ok. Tandiuza, ameneyu ndani?"

"Ndi bambo Yeom, Amayi."

"Bambo Yeom ake ati? Ine zaka makumi asanu ndakhala ndi munthu, osati chule. Bambo ako anajambula ukwati wathu, mpaka lero chithunzi chili ngati chadzulo. Iwe zaka ziwiri zokha, wandiphera mwamuna kawiri."

Miran anawerama mpaka msana kupweteka.

Miran sanali woipa mtima, ndipo amene ankamuseka tsikulo ine sindiwayamikira. Anabwerera kwathu kuno ali ndi zaka makumi anayi, fakitale ya nsapato imene ankagwirako ku Busan itatsekedwa, banja litathanso. Bambo ake, a Ok, anali atamwalira n'kusiya kanyumba kojambulira zithunzi pafupi ndi msika. Mankhwala otsukira zithunzi a nthawi yawo anali atayamba kusowa, choncho Miran anagula kompyuta ndi makina osindikizira, n'kuyamba ntchito.

Kwathu kuno okalamba amajambulitsa chithunzi cha pamaliro awo akadali moyo. Amati ukatero umakhalitsa. Ndipo a m'tauni yathu ankafuna chakuda ndi choyera basi, ngati cha makolo awo, chifukwa ankati zamitundumitundu ndi za paukwati. Miran anajambula okalamba makumi asanu ndi limodzi kudza atatu kuholo yawo. Wogulitsa inki anamuuza kuti, "Inki ndi inki, Mayi, tengani yotchipayi." Iye osafunsa zambiri, anatenga. Paja safunsa anadya phula.

Chimene sanadziwe n'chakuti makina akewo, pofuna kutulutsa mtundu wotuwa, ankasakaniza inki yofiira, yabuluu ndi yachikasu. Pa tsiku loyamba diso silikanaona kanthu. Koma inki zimenezi sizisuluka pamodzi. Yofiira inathawa msanga, n'kusiya zinzake zija zitapanga msipu pankhope za anthu.

Maliro atatha, wokalamba aliyense anakwera pampando kukayang'anitsitsa chithunzi chake pakhoma. Zonse zinali zitayamba kudwala matenda omwewo. Pasanathe mlungu, zithunzi zinaunjikana pakhomo pa Miran. Amake Changsu, amene mawu awo kuholo ya okalamba anali lamulo, analumbira kuti iwo ali moyo palibe amene adzakhalenso pampando wa mwana wa a Ok.

Kuyambira pamenepo chitseko chinkangotsegulidwa ndi mphepo. Njala ankaipirira. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti dzina limene bambo ake analisamala zaka makumi anayi, iye analithira matope m'mawa umodzi.

Tsiku lina anakwera pamakwerero kuti achotse chikwangwani cha bambo akewo, atseke, abwerere ku Busan. Khomo loyandikana ndi lake linali la bambo Pyo, wosema zidindo, mnzawo wa malemu a Ok. Anali atakhala panja, akupera kachidutswa ka inki youma pamwala wothira madzi kuti alembere munthu wina pepala la mwambo wokumbukira makolo.

"Ukuchipukuta kapena ukuthawa?" anafunsa bambo Pyo, osakweza n'komwe mutu.

"Ndalephera, Bambo."

"Ee, walephera, tauni yonse ikudziwa, ngakhale agalu a padoko. Tatsika apo usanathyoke mwendo, ndilibe mphamvu zokunyamula."

Anatsika. Nkhalambayo inalowa m'kati n'kutuluka ndi buku la mayina a makolo a banja lawo, lokulungidwa m'nsalu. Mapepala anali achikasu, m'mphepete modyedwa ndi mbewa, pena pali zipsera za madzi. Koma zilembo zinali bii, ngati zalembedwa m'mawa womwewo.

"Analemba ndi agogo a agogo anga. Denga linadontha, nkhondo inadutsa, ife tinathawa nalo kumsana. Waona chasuluka?"

"Mumaikamo chiyani mu inki yanuyi?"

"Mwaye wa mtengo wa paini ndi guluu, basi. Chinthu choti chinapsa kale, dzuwa lingachitenthenso bwanji?"

Mawu amenewo anamulowa Miran mpaka m'mafupa. Chikwangwani anachisiya pomwepo.

Tsono apa ndisakunamizeni kuti nzeru inabwera tsiku limodzi. Miran, ndi phuma lake, anapempha inki ya bambo Pyo, anaisefa pansalu katatu, n'kuithira m'makina. Makinawo anatsokomola kawiri n'kufa.

Bambo Pyo anaseka mpaka misozi. "Ine ndinati uphunzirepo kanthu, sindinati umwetse makina phala! Bambo ako kumene aliko agwira pamimba."

Miran analira tsiku limenelo, ndipo kutacha anapita padoko kukagwira ganyu yosankha nsomba. Amayi a padoko ankamufunsa kuti, "Wojambula, nafenso utipaka msipu?" Iye ankangoti, "Sunthani dengu, achemwali, nsomba zikuwola." Patatha miyezi iwiri anapeza makina ena ogwiritsidwapo kale ntchito.

Masana akaweruka ankapita kulaibulale kukawerenga ndi kulembera makalata anthu odziwa za kusindikiza. Ambiri sanayankhe. Ochepa amene anayankha anamuuza kuti inki ya mwaye yopangira makina ilipo, yoperedwa bwino kwambiri moti siitseka timabowo. Mumachotsa inki zamitundu zonse, n'kuikamo yakuda yokhayokha, kuyambira yakuda bii mpaka yotuwa pang'ono. Mopanda chofiira choti chithawe, mopanda chobiriwira choti chitsale.

Anaitanitsa timabotolo kwa opanga asanu. Botolo lililonse linali ndi malonjezo ake, lina zaka zana, lina zaka mazana awiri. Koma wolumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe. Miran sanakhulupirirenso cholembedwa pabotolo.

Anasindikiza nkhope imodzi, ya bambo ake, ndi inki iliyonse, papepala lonyezimira ndi papepala la thonje losanyezimira. Chithunzi chilichonse anachiphimba theka ndi katoni, n'kulemba tsiku kumbuyo. Kenaka anakwera nazo padenga lafulati pamene amayi oyandikana nawo amayanika tsabola, anaziika pansi pa galasi, dzuwa lizimenye. Zina anazipachika kukhitchini kuti zilawe nthunzi, zina pafupi ndi lubani, popeza chithunzi cha malemu chimakhalira utsi chaka ndi chaka.

Loweruka lililonse ankakweza katoni n'kuyerekeza mbali yobisika ndi mbali ya padzuwa. Ya zaka mazana awiri ija inafiira pasanathe milungu isanu ndi umodzi. Ina inagwira mtundu, koma papepala lonyezimira inkachoka ukangopaka chala. Nthawi zina ankatsika padengapo akudzifunsa ngati sakungotaya nthawi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsabola atauma n'kuchotsedwa, panatsala chithunzi chimodzi. Chinali cha inki ya mwaye weniweni papepala la thonje. Miran anakweza katoni, anayang'ana, anapukuta m'maso, anayang'ananso. Sanathe kuona pamene katoni inalekezera.

Nyengo yozizira yonse anasindikizanso zithunzi zonse zija, popeza zinali zikadali mukompyuta. Anayenda khomo ndi khomo m'chisanu, akuwerama ndi kupepesa. Ena analandira mwachisoni, ena analandira akunyoza, ena anangoti asiye pakhonde. Koma palibe amene anapachika chake pakhoma. Onse ankadikira kuti amve amake Changsu anena chiyani.

Kwa iwowo anapitako pomaliza. Anawapeza akuyanika ndere za m'nyanja pabwalo. Gogoyo anamasula nsalu, anayang'ana nkhope ya mwamuna wawo nthawi yaitali. Kenaka analimbitsa nkhope.

"Chija chinalinso chokongola tsiku loyamba."

"N'zoona, Amayi. Koma ichi ndachiyesa padzuwa."

"Unayesa iwe. Ine sindinayese. Tenga hamala ndi msomali apo."

Analoza khoma lakunja, pansi pa denga la khonde, loyang'ana kum'mwera, pamene dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

"Amayi, panja? Anthu adzati chiyani?"

"Adzanena zimene adzanene. Munthuyu wakhala padzuwa m'bwato zaka makumi asanu, nyengo imodzi siingamuphe. Akapirira, alowa m'nyumba. Akasanduka chule, iwe usadzandipatsenso moni."

Miran anakhoma msomali ndi manja ake.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati gogoyo wasokonezeka mutu, kuyanika mwamuna ngati nsomba. Okalamba ankadutsira dala njira imeneyo popita kuholo, kusuzumira pampanda. Bambo Pyo ankabwera ndi uthenga m'mawa uliwonse: "Mnzanga Yeom akadali wakuda, iwe, phika tiyi." Mvula inabwera n'kupita, dzuwa la mwezi wa Ogasiti linaswa mtengo, ndipo Miran ankasankhabe nsomba padoko, chitseko chake chili duu. Miyezi isanu ndi umodzi ya kudikira chiweruzo cha munthu mmodzi si masewera.

Patapita masiku atatu chikondwerero cha zokolola chitatha, Miran akusesa pakhomo, anamva ndodo ikugogoda msewu. Anali amake Changsu, atavala chovala chawo cha pamwambo, tsitsi lokonzedwa kusaluni. Kumbuyo kwawo kunali agogo ena anayi, nawonso atatchena.

"Ukuyang'ana chiyani? Mpando uli kuti? Maondo anga si a mtsikana."

Miran anakoka mpando, n'kuyatsa magetsi ojambulira.

"Ndiyang'anitse kumanzere. Iye uja anayang'ana kumanja. Pakhomapo ndikufuna tiziyang'anana."

"Chabwino, Amayi. Mwetulirani pang'ono."

"Ndimwetulire chiyani, ndilibe mano? Jambula makwinyawa onse, usachotsepo ngakhale limodzi, ndinawavutikira."

Anzawo aja anaseka. Koma gogoyo analankhula motsitsa mawu, maso ali pa kamera.

"Dzulo ndamulowetsa m'nyumba. Nditapukuta fumbi pagalasi, anandiyang'ana ngati mmene ankachitira akafuna kufunsa ngati mpunga wapsa. Ndi iyeyo, mwananga. Wandibwezera mwamuna wanga."

Miran sanathe kuona kanthu m'kamera chifukwa cha misozi. Anadikira, anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kujambula.

Lero anthu amachokera m'matauni akutali kudzasindikizitsa zithunzi za makolo awo kwa iye. Ndipo botolo lililonse latsopano likafika, ngakhale lichokere kwa wopanga amene amamukhulupirira, limayamba lakwera padenga.

Inu amene mwagwa anthu akuona, musafulumire kutseka chitseko n'kuthawa. Vomerani kuti munalakwa, funsani chimene chinalakwika, yesaninso, ndipo ntchito yanu muilole iime padzuwa kuti anthu aiyese okha. Amene anakunyozani pagulu akhoza kudzakhala woyamba kukhala pampando wanu. Zitenge miyezi, zitenge zaka, mtima wokhawo musautaye.