Bambo Akusamuka, Wagamula Ndani?

Kushopu yochapa zovala ya kuseri kwa siteji ya basi, mayi wosita uja ankadziwika ndi dzina loti a Ndaniyo. Anawapatsa dzinali ndi anzawo, chifukwa bwana akangoti, "Zaganizidwa kuti Loweruka tiziweruka madzulo," iwo ankaimika simbi n'kufunsa, "Waganizayo ndani?"

Mawu opanda mwini sankawakhulupirira. Ankati munthu akanena kuti "ndasankha," umadziwa wokamufunsa zikavuta. Koma "taganiza" ndi bulangete, ukalivundukula umapezamo munthu mmodzi. "Tiona" ankati ndi "ayi" wovala jekete. Kasitomala akati, "Sitani mmene mukuonera," ankamuitana abwerere anene yekha ngati thalauzalo akulifuna la mzere, poti mawa ndi yemweyo adzati mwandionongera.

Kunyumba ankasunga bambo awo, amene dzanja lamanja linafa ndi sitiroko. Anawapatsa chipinda cha zenera lalikulu. Ankawatenthetsera madzi osamba, kuwadulira nyama tizidutswa, ndipo m'mawa uliwonse ankawaikira malaya oyera pampando, kolala ili chilili.

Lamlungu lina kunabwera achimwene awo oyendetsa lole. Tiyi anamwa, koma pampando anangokhala nsonga.

"Chemwali, tagwirizana kuti bambo akakhale kwathu."

"Mwagwirizana ndi ndani?"

"Banja."

"Nanga ine ndine wa banja la yani?"

Achimwene anangoseweretsa makiyi m'manja, n'kunena kuti lole aimika poipa.

A Ndaniyo mtima unathamangira kwa alamu awo, akazi a achimwenewo. Anali atangoyamba kumene ntchito, ana ankatsala okha masana. "Akufuna mlonda waulere," anauza mnzawo wochapa tsiku lotsatira, simbi ikupita uku ndi uku. "Munthu wosabwera n'komwe kudzazonda, lero chikondi chachokera kuti?"

Ataweruka anadzera kusaluni kwa mng'ono wawo.

"Iwe, unagwirizana nazo?"

"Ine ndinangovomera, achemwali."

"Kuvomera n'kwina. Mbuzi nayo imavomera chingwe. Anayambitsa ndani?"

Mng'onoyo maso anali pamutu pa kasitomala. "Kafunseni achimwene."

Kunyumba anafunsa eni ake. Bambo anali pazenera, wailesi ili pamiyendo. "Ana inu mukaganiza, ine ndingatsutse?" anatero.

Apa m'pamene chikaiko chinakula. Bambo amenewa ankatsutsana ndi wailesi yomwe, kukangana ndi wowerenga nkhani ngati akuwamva. Lero afatsa bwanji? Wina wawaopseza, kapena wawanyengerera. A Ndaniyo anayamba kutchera khutu foni ya bambo ikalira, ndipo ankafunsa aneba ngati masana kukubwera munthu.

Tsiku lina akusesa, tsache linagunda sutikesi kunsi kwa bedi. Anaikoka n'kutsekula. Munali malaya, koma opindidwa mokhota, mkono wina uli lende, mapindidwe a munthu wa dzanja limodzi. Pamwamba panali malaya ofiira amaluwamaluwa aja, amene iwo anawabisa kalekale pansi pa nsalu zakale poti sanali oyenera munthu wamkulu. Alamu sakanadziwa kumene anali.

Anaika sutikesiyo patsogolo pa bambo.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Wagamula nkhaniyi ndani?"

Bambo anazimitsa wailesi. Kenako anati, "Ndine."

"Wakutumani ndani?"

"Waona? N'chifukwa chake ndinapempha mchimwene wako kuti anene kuti n'za banja. Iwe mwana wanga sunandilakwire. Ndimadya bwino, ndimagona poyera. Koma chichokereni kuchipatala sindinasankhepo kanthu. Malaya umasankha ndiwe, nthawi yosamba ndiwe, shuga wa mu tiyi ndiwe. Kwa mchimwene wako kuli phokoso, mwina adzandiiwala n'komwe. Ndikufuna ndikaiwalikeko pang'ono."

A Ndaniyo anatenga tsache. Anakasesa pakhonde pomwe anali atasesa kale.

Lole inabwera Loweruka. A Ndaniyo sanalire, anangouza achimwene kuti mankhwala a m'mawa asamamwe opanda chakudya, ndipo anabwereza kawiri alamu akumva.

Mwezi utatha anapita kukawaona, simbi ili m'chikwama. Anawapeza pabwalo, malaya ofiira aja ali makwinyamakwinya, mabatani atalumphana. Adzukulu anali atawazungulira, akukangana za mpira, bambo n'kumaweruza mokweza mawu, kukondera poyera kamtsikana kakang'ono.

"Vulani ndikusitireni," anatero a Ndaniyo.

"Khala pansi, iwe. Tamva mlandu uwu."

Anakhala. Chikwama anachiika pamiyendo osachitsekula.

Pobwerera, alamu anawaperekeza mpaka kumsewu, akucheza bwinobwino, n'kuwauza kuti azibwera pafupipafupi. A Ndaniyo anathokoza. Koma Lolemba kushopu anauza mnzawo wochapa uja kuti bambo anenepa ndithu, akuseka, kungoti kumwetulira kwa alamu kuja sanakumvetse, ndipo adzapitanso tsiku lina osawauza.