Amayi Ali ku Ulaya, Ali Kuchipinda

Sutukesi ija inali yobiriwira, yogula pa salaula, pamsika wa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo zipi yake inkatsekeka pokhapokha munthu ataikhalira. Woikhalira ndinali ine. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, tikukhala ku Chawama m'zipinda ziwiri za lendi, ine ndi amayi basi. Amayi anali atapeza malo pasukulu ya unamwino ku Ulaya. Chinatsala ndi viza, chilolezo cholowera m'dziko la eni ake, ndipo amalume, amene anali asanadutsepo ngakhale mtsinje wa Kafue, anati viza ndi chidindo chabe.

Amayi anawakhulupirira. Anasiya ntchito yawo yokolopa pachipatala, nakapereka umboni kutchalitchi. Abusa anawaimika kutsogolo, mpingo unawasanjika manja, azimayi anawapatsa zitenje ndi juzi lokhuthala. Tsiku la ulendo linadziwika ndi aliyense. Kenako yankho linabwera: akana. Akuti sanakhutire kuti amayi akamaliza maphunziro adzabwerera kwawo.

Lero ndimaona kuti chofunika chinali kungotuluka panja n'kunena kuti zakanika. Anthu akanaseka, kenako n'kupeza china choseka. Koma amalume anali ndi nzeru zopitirira muyezo. "Mukakamba, banthu bazamanga ulendo wanu na mankhwala," anatero. "Tipemphe futi. Pali pano, imwe mwayenda." Tsiku lolonjezedwa lija galimoto yahayala inafika, azimayi analuluta, amayi anakwera ndi sutukesi yawo. Anakafikira kwa amalume ku Mtendere, koma kumeneko kunali ana odzaza nyumba ndi mlamu wosasunga pakamwa. Posakhalitsa anabwerera kwathu m'bandakucha, atafunda chitenje kumutu ngati wopita kumaliro. Analowa kuchipinda, chitseko n'kutsekedwa. Amalume anasamukira pabalaza pathu, ati kudzandisunga ine.

Unali mwezi wa Okutobala. Masana malata ankachita kulira ndi dzuwa, ndipo kazenera kamodzi ka chipindacho tinakatchinga ndi bulangeti. Ndimakumbukira fungo la thukuta ndi la chidebe chovundikira chimene ndinkakataya kuchimbudzi m'mawa uliwonse. Amayi akamva chifuwa ankatsokomolera mupilo. Sankaphika, poti nsomba zawo za kapenta zinkadziwika ndi fungo lokha, ndiye tinkadya zopserera za amalume. Amayi ankakhala pabedi foni ili m'manja, kudikira yankho la pempho lachiwiri, akatopa n'kumawerenga mabuku a unamwino monong'ona, thukuta likudonthera pamasamba. Munthu amene ankadzuka nkhuku zisanalire anayamba kundifunsa kuti kunja kukuoneka bwanji.

Ine pamenepo ndinkasangalala. Amayi amene kale ankabwera atatheratu tsopano anali anga ndekha. Posowa chochita ankandiluka tsitsi, kumasula, kulukanso, mizere yowongoka ngati ya m'munda. Kumpopi, amake mapasa, amene nyumba yawo inkagawana khoma ndi yathu, anandigwira mutu n'kuutembenuza uku ndi uku. "Ba malume bako baziba kuluka, ka," anatero. Ndinavomera monyada. Kusukulu aphunzitsi anandiimika pamapu kuti ndiloze kumene kuli amayi anga, ndipo ndinaloza, n'kuwonjezera kuti kumeneko madzi amauma mumpopi chifukwa cha kuzizira. Bodza linkandikhala bwino kuposa yunifolomu.

Tsiku lina masana, tikuthamangitsana pabwalo, ndinaponda botolo losweka pansi penipeni pa zenera lathu. Magazi anatuluka ambiri, otentha, akusakanikirana ndi fumbi. Ndinaiwala zonse zimene anandiphunzitsa ndipo ndinakuwa kuitana amayi, maso ali pazenera. Bulangeti linagwedezeka. Chitseko sichinatseguke. Amalume kunalibe, ndiye amake mapasa ndiwo anandimanga phazi ndi mpango wawo n'kundibereka mpaka kukiliniki.

Pobwera anandikhazika pakhomo pathu. Sanagogode. Anaima moyang'ana kumbali, nalankhula mokweza kuposa mmene munthu amalankhulira ndi mwana amene ali pamapazi ake. "Ukatuma foni kuli ba mai bako, ubauze ati chilonda si chikulu. Basoka bwino. Basadandaule." Anasiya mbale ya zitumbuwa zochuluka zoti mwana mmodzi sangamalize, n'kumapita.

Nditalowa ndinawapeza amayi atakhala pansi kuseri kwa chitseko, dzanja lawo lili ndi zipsera za mano awo omwe. Anandigwira phazi lomangidwalo, akulira popanda mawu. Ine ndinali nditawakwiyira, ndipo ndinalichotsa phazilo. Mpaka lero zimandipweteka kuti pepala la anthu amene sanatiwonepo linatha kumugwira mayi kuseri kwa chitseko mwana wake akukuwa panja.

Yankho lachiwiri linabwera pamodzi ndi mvula yoyamba. Akananso, pa chifukwa chomwe chija. Amalume anayamba kunena zoyesa kachitatu. Koma m'mawa mwake amayi anatenga tsache, anatsegula chitseko, n'kutuluka. Maso awo ankaphethira ndi kuwala, miyendo ikuyenda mokayika pamatope. Anawerama n'kuyamba kusesa masamba amene mvula inagwetsa.

Amake mapasa anali pakhomo pawo akutsuka mbale. Anakweza mutu pang'ono.

"Mwabwela, ba neba?"

"Nabwela."

"Mwatipeza," anatero, n'kupitiriza kutsuka.

Ine ndinaima pakhomo ndikudikira mafunso. Ndinali nditakonza kale mayankho oti ndiwathandize amayi, za ndege, za chisanu, za azungu. Anthu anadutsa ndi zigubu zawo, kupereka moni ngati anaonana nawo dzulo. Palibe anafunsa kalikonse, palibe ngakhale mwana anapempha switi wa ku Ulaya. Ndinaona kuti anthu a ku Chawama ndi ogona kwambiri, ndipo ndinatsimphina kupita pamene panali amayi n'kuwanong'oneza kuti tawapusitsa onse, palibe wadziwa. Sindinamvetse chifukwa chake anandiyang'ana nthawi yaitali chonchija, kenako n'kundiuza kuti ndikabweze mbale ya eni ake ndipo ndikagwade pothokoza.