Lusiya wauluka ndi zala ziwiri

Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, ndikutembenuza usipa pathandala, foni inalira m'chitenje. "Agogo, ndauluka ndekha! Aphunzitsi anatsala pansi!" Anali Lusiya, mdzukulu wanga wa kusukulu ya ndege. Ine nthungululu, usipa mbwee pamchenga, akhwangwala n'kuyamba phwando osaitanidwa.

Wauluka mwana wa ku Malindi, wauluka! Wopalasa bwato uja, wauluka!

Koma musaone kuvinaku, anzanga, mtima sunali m'malo. Mwana wanga Banaba, malume ake a Lusiya, anali atagamula kale: mtsikanayo abwerere, ku Monkey Bay kuli mwamuna wa maboti awiri akudikira. Auluke asauluke, maphunziro otsalawo asamalize. Poti kawiri konse aphunzitsi anamukaniza kuuluka yekha, Banaba anapezerapo pakamwa.

Chinkamulepheretsa n'chiyani? Bwato.

Lusiya anakulira m'bwato la mtengo umodzi, lija ukangoyetsemula lagudubuka. M'menemo supuma: nkhafi uku, chiuno uko, manja gwa! Ndiye atalowa m'ndege anagwira chiwongolero ngati nkhafi pa mphepo ya mwera. Mphuno ya ndege ikatsika pang'ono, iye kukoka ndi mphamvu zonse. Ikakwera, iye kukankha. Ndege n'kumadumpha m'mwamba muja, aphunzitsi tiyi wa m'mawa ali pakhosi.

Akuti tsiku lina aphunzitsiwo anati, "Chotsa manja, uwaike pamiyendo."

Iye, "Tigwatu!"

Iwo, "Chotsa."

Anachotsa. Ndege inawerama pang'ono, inadzuka, inaweramanso pang'ono, kenaka phee, yokha. Akuti anaipanga choncho dala: timapiko ta kumchira timaibweza ikawerama kapena ikadzutsa mutu. Woyendetsa amangoinyengerera ndi zala ziwiri.

Zala ziwiri, anthuni! Ine sukulu yanga ndi ya kwacha, cholembera ndimachigwira ndi nkhonya yonse mpaka pepala kubooka, koma izi zokha ndazimva bwino.

Nanga ife pansi pano? Apampando a komiti ya padoko anagwira mpando ine ndili ndi mano onse, lero ndimatafunira mbali imodzi, iwo akadali pomwepo. Mayi wina kutchalitchi kwathu kiyi wa kosungira mapoto a bungwe la amayi amayenda naye m'chiuno, akapita kumaliro ku Makanjira ife timaphikira m'zidebe. Aliyense akuti, "Ndikasiya ine, zonse zigwa." Munayesapo kusiya? Kodi chikugwedeza ndegeyo si manja anuwo?

Lachitatu m'mawa Banaba anatulukira, nkhope ili ndwii.

"Amayi, munthu uja ndinamulonjeza. Ndikamuuza chiyani?"

"Ukamuuze kuti mkazi ali m'mwamba. Akwere mumtengo wa mgwalangwa akamutsitse."

"Musaseke, amayi. Mbumba ndi yanga iyi. Ndikaisiya isokonekera."

"Iwe Banaba, ine ndinakugwira ndi manja awiri mpaka unamera ndevu. Taona mmene ukudumphiramu! Kulakwa n'kwanga, ndavomera. Tsopano khala apa, manja pamiyendo."

Anakhala pamkeka. Ine pakamwa pankayabwa, koma ndinati nanenso ndiyeseko kusiya chiwongolero. Kenaka anatambasula dzanja. "Tabweretsani foniyo."

Ndinamva ndi makutu angawa. "Iwe Lusiya, ndine malume ako. Umalize sukuluyo. Koma tsiku lodutsa pamwamba pa Malindi udzatsikeko pang'ono, anthu adziwe kuti ndiwe wa kwa yani."

Eee, anthuni, nthungululu yachiwiri inaposa yoyamba! Mudzi wonse unamva, ndipo unabwera.

Anabwera Abiti Jafali ndi lichero la zitumbuwa, anabwera! Anabwera Che Saidi osoka maukonde, singano ikadali m'manja. Anabwera Mai Esitere a kwaya ndi mng'ono wawo Agnesi, Anaphiri a mandasi, Mwanaisha ndi mwana kumsana, a Yohane opala matabwa ndi akazi awo, Abiti Mdala ndi ndodo yawo, Rute mayi wake wa Lusiya akulira ndi kuseka pamodzi. Ndi Banaba, Banaba wanga, amene anavina mpaka nsapato kuduka.