Bala la Pansi pa Juzi Yofiira

Juzi yofiira ija ikadali m'sutikesi ya amayi ku Kaphuka. Inali ya pakaunjika, ya mabatani osafanana, ndipo ine ndimamvabe fungo la makala ndikainunkhiza. Mwini wake anali mng'ono wanga, kamtsikana kongophunzira kumene kuyankhula koma kolongolola ngati wailesi.

Unali mwezi wa Juni, nyengo yokumba mbatatesi. Amene sanagoneko ku Dedza mwezi umenewo asandiuze za kuzizira. M'mawa tinkaunjikana pambaula pakhonde, ine nditavala kale yunifolomu, zala zili gwa. Tsiku lina mwanayo anatulukira kuseri ali mbulanda, akuthawa madzi osamba, ndipo anapunthwa n'kugwera pambaula ndi phewa.

Analira pang'ono, n'kutonthola atapatsidwa mbatatesi yootcha. Balalo linali laling'ono, loti ndinaliphimba lonse ndi chikhatho changa. Amalume, omwe kwathu anali dokotala wa chilichonse kuyambira njinga mpaka mbuzi, anaswa dzira laliwisi n'kupakapo. "Bala la moto limadana ndi mphepo, achemwali, mulifunditse," anawauza amayi. Amayi anamangapo kansalu, n'kumuveka juzi ija osamuvulanso. Madzulo ake tinali kumuseka kuti wathawa madzi n'kukapeza moto.

Pasanapite masiku, thupi lake linatentha. Anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, maso atafiira psuu. Mutu unkaotcha, koma mapazi anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Aliyense anati ndi malungo. Amayi anamubereka mpaka kuchipatala chaching'ono, komwe anamubaya chala, malungo osapezeka. Amayi atafunsidwa chomwe chikumuvuta mwanayo, anatchula kutentha thupi ndi kusanza. Za bala sanatchule. Akanatchuliranji? Inali nkhani yotha, ndipo m'chisanu chotere mayi savula mwana wodwala. Anabwerako ndi mankhwala oziziritsa thupi.

Lero ndine mayi, ndipo ndinauzidwa chomwe chinkachitika pansi pa juzi ija. Tizilombo tosaoneka timalowa pabala la moto, ngakhale lochepa bwanji, n'kutulutsa poizoni woyenda m'magazi, ndipo thupi la mwana wamng'ono limakhala lisanadziwe kulimbana naye. Kaya dzira lija linaonjezera, kaya ayi, palibe angandiuze. Mkwiyo ndili nawo mpaka pano, koma ndimasowa woulozera.

Kutacha, wailesi yathu inali itazima. Ndinamuitana dzina, ndinamugwedeza, iye anangondiyang'ana ngati mlendo. Amalume anabwereka njinga yamoto n'kuthamangitsira amayi ndi mwanayo kuchipatala chachikulu. Ine anandiuza kuti ndipite kusukulu, ndipo ndinapitadi, mbatatesi ziwiri m'thumba, imodzi yomusungira.

Zakumeneko ndinazimva kwa amayi nditakula. Akuti namwino anamasula mabatani aja kuti amuike diripi, ataona kansalu anakuwa. "Mayi, mwanayu anapsa liti? Bwanji simunanene?" Chipinda chonse chinayamba kuthamanga. Amayi amati mawu amenewo amawamvabe akamasula batani lililonse.

Masana aphunzitsi anandiitana pakhomo la kalasi. Anali munthu wa mkwapulo, koma tsikulo anandigwira paphewa. "Tenga mabuku ako, mwanawe, akukufuna kunyumba." Kufatsa kwawoko ndi kumene kunandiopsa. Ndisanadutse mitengo ya bulugamu ya kumunda kwathu, ndinamva kulira.

Amayi anali pansi, azimayi a mumphakati wa tchalitchi atawagwira uku ndi uku, juzi ija ili pachifuwa. "Moto wandilanda mwana ine! Moto!" Ndinayang'ana denga, ndinayang'ana nkhokwe. Zonse zinali chiimire. Moto wake uti? Mbaula inali pakhonde pomwe paja, yozizira, nkhuku zikutolatola m'phulusa.

Ndinawapeza amalume kuseri kwa khola, atakhala pathumba la mbatatesi. Ndinawauza kuti amayi akulakwitsa, mwana wafa ndi malungo, chifukwa bala lija linali laling'ono ndipo iwo eni anati lipola. Iwo anatsitsa chipewa n'kuphimba nkhope, mapewa akugwedezeka.

Ine ndinaganiza kuti sanamve. Ndinawakoka malaya, n'kuwatambasulira chikhatho changa pafupi ndi maso, kuti aone okha kuchepa kwake.