Mtembo umene unayetsemula

Lero ndadutsa pamsewu pamene ayala masamba a maliro, ndiye ndakukumbuka, Saidi. Matipate atangoyamba, tili Folomu 3 ku Nkhotakota, tinabwereka kamera ya maukwati kuti tijambule kafilimu ka mpikisano wa ana asukulu, ka munthu wokana kufa. Mtembo unali iweyo, wokulungidwa m'nsalu yoyera. Tinayala masamba pamsewu wa kwa Malengachanzi, osaganiza kuti anthu akhulupirira. Apanjinga anatsika, amayi ochokera kuminda ya mpunga anakhala pansi n'kuyamba kulira. Kenako unayetsemula m'nsalu muja. Mayi wina anathawa, wina nafuula, "Mwana wa ndani wopanda mwamboyu?"

Pa maliro ako enieni ndinakhala pafupi, maso ali pa nsalu yoyera ija. Mpaka lero, m'maloto, ndimadikirabe kuti uyetsemule.